Ma insole a gel mu jombo za asilikali atsopano

Ma insole awa (zofewa zoika mkati mwa jombo kuti phazi lizipondapo) ndawakonda ndithu, chidendene sichiwawa kwambiri ukamaguba mtunda wautali utabereka chikwama cholemera. Vuto lake amaphwatalala msanga, komanso ngati jombo ndi yothina kale zala zimapanikizika heve.

Koma inu amene mukulowa usilikali musaganize kuti insole ikutetezani ku zonse ayi, ambiri amavulala coz amabwera thupi lisanazolowere kenako mwadzidzidzi tsiku ndi tsiku kuthamanga, kuguba, fupa la msongolo limayamba kuwawa mpaka kuchita mng'alu. Osuta fodya ndi amene anavulalapo kale bondo kapena kakolo ndiye chiopsezo chimakulirako. Gulani, koma yambani kuthamanga pang'onopang'ono miyezi ingapo musanapite, ndipo fupa likamawawa pamalo amodzi kaonaneni ndi adokotala msanga.