Ntchito ya komishoni kapena ya malipiro a pamwezi?

Zonse ndi ntchito zogulitsa malonda. Ya komishoni mumayenda khomo ndi khomo, kuimika anthu panjira kapena kuwaimbira foni, ndipo mumalandira kagawo pa chilichonse mwagulitsa. Inayo mumakhala m'sitolo, makasitomala n'kumakupezani okha.

Ndalama: ya komishoni ilibe malire, koma sabata ina mumabwerera chimanjamanja. Ya pamwezi imakhala yomweyomweyo, komabe tsiku lake mumalidziwa.

Zotuluka m'thumba: pa komishoni, thiransipoti, mayunitsi ndi chakudya chamasana nthawi zambiri mumadzilipirira. Nsapato nazo sizichedwa kutha. M'sitolo mumangolipira ulendo wopita ndi wobwerera.

Chowawa kwambiri ndi kukanidwa. Mumagogoda, wina n'kusuzumira pawindo osatsegula. Wina amakumvetserani mpaka pamapeto, kufunsa mtengo, kugwiragwira katunduyo, kenako n'kuti "mubwere mawa". Khomo lotsatira mufikenso mukumwetulira ngati palibe chachitika. M'sitolo munthu amalowa ali kale ndi maganizo ogula.

Samalaninso ndi mgwirizano. Makampani ena amakulandani komishoni kasitomala akabweza katundu, ndipo ambiri amakuwerengani ngati wodzilemba nokha ntchito, choncho tchuthi cholipidwa kapena penshoni palibe. Akakuuzani kuti mulipire kaye musanayambe, ine ndingati thawani.

Ya komishoni ikuyenera munthu wolimba mtima, wakamwa yotakasuka, amene ali ndi kandalama kapadera kodutsira masabata owuma. Ngati muli ndi lendi ndi fizi ya ana zokudikirani mwezi ndi mwezi, tengani ya pamwezi.