Buku la kaleredwe ka khanda lija, mwana wakwana miyezi 9 tsopano

Mlamu wanga wa ku Dzivarasekwa, kuno ku Harare, ndi woyembekezera, dzulo wandifunsa pa WhatsApp kuti alamu, buku lija munkaligwiragwira muli ndi pathupi lija ndigule nanenso? Ndinangoti dikirani kaye, poti yankho lake si la mawu awiri ayi.

Ndinaligula 15 dollars kwa bambo wina woyala mabuku pansi m'tauni, analumbira kuti ndi orijino lochokera ku UK. Za kasamalidwe ka mchombo, kagonekedwe chagada, kugeyetsa mwana akayamwa, kuyamwitsa mwakathithi miyezi 6, zonsezo zili bwinobwino ndipo n'zomwenso anamwino amatiuza kusikelo kuno ku Mufakose.

Koma katemera ndiye wandizunguza mutu mpaka lero. Bukuli limati katemera woyamba ndi pa masabata 8, kenako 12 ndi 16, poti ndi mmene amachitira kwawoko. Kuno ku Zimbabwe mwana amabayidwa BCG, katemera wa chifuwa chachikulu (TB), akangobadwa, kenako masabata 6, 10 ndi 14. Ine ndi tulo tosagona tija ndinalemba pakalendala madeti a m'buku, khadi la mwana lili phee m'chikwama, mwamwayi mayi woyandikana nafe ndi amene anandifunsa kuti mai mwana bwanji simunaoneke kusikelo? Tinapita titachedwa masiku 5, manyazi ake osanena. Mwezi unonso bambo ake anawerenga kuti wa chikuku ndi pa chaka chimodzi, n'kumati palibe changu, chonsecho kuno ndi pa miyezi 9 ndipo wachiwiri pa miyezi 18. Tsambalo ndalikhwatcha ndi bolopeni yofiira. Nambala ya foni ya 111 imene amati muimbe mwana akadwala usiku nayonso kuno ilibe ntchito.

Komabe sindingalinyoze lonse, chifukwa cha usiku umodzi mwana ali ndi miyezi 7. Anatsegula m'mimba kuyambira masana, kufika cha m'ma 11 magetsi kulibe, ndaunika ndi tochi ya foni ndikuona liwombo lalowa, milomo gwaa, thewera la masana lija louma osanyowa mkodzo. Apongozi anati mano akumera awa, liwombo tipaka mankhwala m'mawa lidzuka. Ndimawalemekeza, alera ana 6, koma mtima sunakhazikike. Ndinatsegula bukulo ndipo linanena mosapsatira kuti liwombo likalowa ndiye kuti madzi achepa m'thupi, musasiye kuyamwitsa, thamangirani kuchipatala. Bambo ake anawawerengera mayi awo m'Chichewa pang'onopang'ono, ndipo iwo omwe ndi amene anatenga bulangete n'kuti tiyeni ana inu. Kuchipatala anamuika diripu, potuluka namwino anandikumbutsa madzi a shuga ndi mchere aja, masipuni aang'ono a tiyi 6 a shuga ndi theka la sipuni yaing'ono yomweyo ya mchere mu 750ml ya madzi owiritsa. Ndikamakumbukira usiku umene uja 15 dollars ndimaiona ngati yochepa.

Ndiye ndikakumbukira wogulitsa uja mtima umabwereranso kuwawa. Titafika poyamba phala ndinapeza masamba 16 a zakudya kulibe, akudumpha kuchoka 128 kufika 145, guluu wamatuka, zithunzi zakuda bii, kumene ndi fotokope. Ndinakwera kombi ndi mwana kumbuyo kukamuonetsa, iye akuti mhamha mwachedwa kubwera, onjezani 5 dollars ndikupatseni lina. Kutsegula linalo, masamba omwewonso kulibe! Kubweza olo 3 dollars anakana.

Ndiye alamu, musagule. Loweruka ndikubweretserani langali, madeti a katemera akuno ndawalemba pachikuto mkati, koma muzitsatira khadi la kusikelo. 15 dollars yanuyo sungirani matewera ndi ya thiransipoti tsiku lochira.