Khadi la tuner pa kompyuta, mmene zilili patatha pafupifupi chaka ndikuonera kebulo ya HD

Nditangolumikiza zinthuzi ndinalemba kuti bokosi la kampani ya kebulo ndabweza, lendi yake ya mwezi ndi mwezi yatha, ndipo kompyuta yakale ndi imene ikugwira matchanelo a HD nkumajambulanso mpira ndikakhala ku shifiti. Pano papita pafupifupi chaka, ligi ya ku England ija inatha ina yayamba, ndipo anzathu angapo a kuno ku America akhala akundifunsa kuti agule khadi la tuner liti, lija lolowetsa mu kompyuta kuti izigwira TV. Zinthu zikugwirabe ntchito, bokosi lija sindinalitengenso, koma yankho langa lasintha pang'ono. Funso loti khadi liti ndi lachiwiri abale, loyamba ndi loti kampani yanu ya kebulo ikulolani kuona chiyani pa kompyuta, chifukwa olo mugule khadi lodula bwanji ngati iwo akiya ndiye kuti akiya basi.

Zida ndili nazo ziwiri. Mkati mwa kompyuta muli Hauppauge WinTV-quadHD, khadi lolowa pa PCIe, lili ndi ma tuner 4 (tuner imodzi imagwira tchanelo imodzi pa nthawi) koma waya wolowa ndi mmodzi yekha, limagwira ATSC, TV ya digito ya pa eriyo ya kuno ku America, komanso clear QAM, kutanthauza matchanelo a pa kebulo amene sanakiyidwe. Chachiwiri ndi HDHomeRun Prime ya SiliconDust, iyi si khadi kwenikweni ndi kabokosi kakang'ono kolumikiza ku rauta ndi waya wa netiweki, kali ndi ma tuner 3 ndi malo olowetsa CableCARD, kakhadi kotsekula matchanelo okiyidwa. Ndinakagula kogwiritsidwa kale ntchito pa eBay poti atsopano sakupanganso.

Za clear QAM ndinene mwachidule, musadalire. Pa katoni amalemba kuti khadi limagwira kebulo ndipo sikuti akunama, koma mu 2012 bungwe la FCC, loyang'anira za wailesi ndi TV ku America, linalola makampani amene anasamukiratu ku digito kuti azikiya ngakhale matchanelo a phukusi lotsikitsitsa, ndiye ambiri anakiya zonse. Ine nditasaka pa waya wa kebulo ndi khadi la mkatili linapeza matchanelo ambirimbiri koma otseguka anali ochepa kwambiri, ndipo mwa ochepawo panalibe yoti munthu nkukhala pansi kuonera. Khadilo ndinalipatsa eriyo, ndipo kumeneko ndi kumene laonetsa mphamvu zake, ndifikako.

Kebulo yeniyeni imafuna CableCARD. Ndi kakhadi kachitsulo kamene mumabwereka ku kampani yanuyo, kamalowa kumbuyo kwa tuner ndipo ndi kamene kamatsekula matchanelo amene mukulipira. Vuto ndi kukalumikiza ndi akaunti yanu. Pamafunika kuwawerengera pa foni manambala a khadi, Host ID, ndi Data ID ngati ilipo, iwo alowetse kwawoko, ndipo manambala akalakwika pang'ono matchanelo ena amabwera ena ayi, inu nkumaganiza kuti tuner yafa. Poyamba paja ndinavutika kupeza munthu wa pa foni wodziwa kuti CableCARD nchiyani, ambiri amangoti zimitsani bokosi muyatsenso pomwe bokosi ndilibe. Chimene ndaona m'miyezi yonseyi ndi choti nkhaniyi siithera tsiku loyamba. Nditasintha phukusi kuti bilu itsike, matchanelo ena anangoda, ndinachita kuimbanso kuti atumize siginolo yatsopano ku khadi. Ndiye manambala aja alembeni pa pepala muwasunge, ndipo mukaimba nenani msangamsanga kuti mukufuna anthu a CableCARD, musayambe kufotokoza nkhani yonse kwa woyamba kuyankha. Makampani ena amafunanso kabokosi kena kotchedwa tuning adapter kolumikiza pa USB, chifukwa matchanelo ena amawatumiza pokhapokha wina mdera lanu akawapempha, popanda kameneko matchanelo amenewo simuwaona. Funsani zimenezi musanagule kanthu.

Tsopano nkhani imene ndikufuna muimvetse bwino, poti ndi imene imagwetsa anthu mphwayi atawononga kale ndalama. Kutsekula tchanelo ndi chinthu china, kuloledwa kuionera pa pulogalamu imene mukufuna ndi chinthu chinanso. Tchanelo iliyonse imabwera ndi kachizindikiro kobisika konena kuti ingakopedwe bwanji, pali copy freely, copy once ndi copy never. Ya copy freely mutha kuonera ndi kujambula pa mapulogalamu monga Plex, Jellyfin, NextPVR, MythTV, VLC, chilichonse, fayilo nkuisamutsira pa laputopu kaya pa foni. Ya copy once ndi ya DRM, kutanthauza loko woletsa kukopa, mapulogalamu onse ndatchulawa saitsekula olo mukulipira bilu yonse mokhulupirika. Pulogalamu imene inkatha kujambula zoterezi bwinobwino inali Windows Media Center, ya mu Windows 7 ndi 8.1, koma Microsoft sinaiike mu Windows 10 pomwe inatuluka mu 2015, ndipo ndandanda yake ya mapulogalamu a pa TV anaizimitsa mu Januwale 2020. Alipo anthu akusungabe kompyuta ya Windows 7 chifukwa cha ichi chokha, ndandanda nkumaitenga ku Schedules Direct kudzera pa kapulogalamu ka EPG123, ine njira imeneyo sindinaitsate poti kompyuta imeneyi ili pa netiweki imodzi ndi ya ana komanso zanga za ku banki, ndipo Windows 7 inasiya kulandira zotetezera.

Amene amasankha chizindikiro chija ndi kampani ya kebulo, osati wopanga tuner. Makampani ena amakiya matchanelo a mafilimu okha monga HBO, ena amakiya pafupifupi chilichonse kupatula matchanelo a m'dera. Ndiye anthu awiri atha kugula tuner yofanana ndendende, wina nkumati ndi yabwino zedi wina nkumati ndi chinyengo, onse akunena zoona malinga ndi kumene amakhala. Kwathu kuno ndinachita mwayi kuti ambiri amene ndimawafuna ndi otseguka, USA Network kumene kumakhala magemu ambiri a Premier League ndimajambula popanda vuto. Koma m'kati mwa chakachi matchanelo ena amene anali otseguka ndinangowapeza asanduka DRM popanda chidziwitso chilichonse, ndipo zojambula zimene ndinakonza zinangolephera mwakachetechete. Zinandipweteka ndithu chifukwa ndalama ndikulipira zomwezo. Chabwino pa Prime ndi choti ili ndi tsamba lake, mukalemba adiresi yake mu browser mumaona mndandanda wa matchanelo ndipo okiyidwa amalembedwa kuti DRM pambali, ndiye pano ndimayang'anako kawirikawiri, makamaka sabata ya gemu yaikulu. Ngati muli ndi mnzanu wa kampani yomweyo m'dera lanu amene ali kale ndi tuner yotere, mupempheni akuonetseni tsamba limenelo musanatulutse ndalama, mudziwa zambiri kuposa zonse mungawerenge pa katoni.

Chithunzi chokha ndilibe nacho dandaulo. Tuner siisintha kanthu, imangotenga zimene zabwera pa waya nkuzipereka mmene zilili, choncho palibe khadi la digito limene lili ndi chithunzi chowala kuposa linzake, amene akukuuzani zimenezo akufuna kukugulitsani chinthu. Kusiyana kumachokera kwa wotumiza. NBC ndi CBS amatumiza chithunzi cha mtundu wa 1080i, Fox, ABC ndi ESPN amatumiza 720p, ndipo makampani a kebulo ambiri amapanikizanso chithunzicho kuti matchanelo ambiri akwane pa waya. Apa ndi pamene khadi la mkati lija linandidabwitsa, gemu ikakhala pa NBC ndikayerekeza ya pa eriyo ndi ya pa kebulo, ya pa eriyo yaulere ija kapinga amaoneka bwino ndipo kamera ikathamanga ndi mpira chithunzi sichiphwanyika timabokositimabokosi. Pano matchanelo onse a m'dera ndimawatengera pa eriyo, ma tuner 3 a Prime ndinawasiyira a kebulo okhaokha, ndipo kuchokera pomwe ndinagawa chonchi sizinachitikenso zoti mayi a kunyumba akufuna kuonera zawo koma ma tuner onse ali otanganidwa. Pa 1080i onetsetsani kuti deinterlacing, yolumikiza mizere ya chithunzi kuti ikhale yosalala, ndi yoyatsa mu pulogalamu yanu, apo ayi osewera akamathamanga amaoneka ndi timizere m'mbali ngati mano a chipeso.

China chimene sindinkachiganizira koma pano ndimachikonda, kebulo ndi eriyo zimakhala patsogolo pa ma app a pa intaneti ndi masekondi angapo. Amene muli m'magulu a mpira a pa WhatsApp mukudziwa kuwawa kwake kuona mawu oti chigoli pomwe kwanu mpira udakali pakati pa bwalo. Ndipo gemu ya 12:30 masana ku England kuno kummawa kwa America imakhala 7:30 m'mawa, nthawi imene ambiri a ife tikungotuluka ku ntchito ya usiku, ndiye kufika kunyumba nkuiyamba poyambirira pomwe ikujambulidwabe, nkumadumpha zotsatsa malonda za pa half time, chimenechi chokha kwa ine chinabweza ndalama zanga.

Mavuto a chithunzi kudukaduka amene ndinakumana nawo sanali a tuner. Loyamba linali splitter, kachitsulo kogawa waya kaja. Kogawa pawiri kamadya pafupifupi 3.5 dB pa mbali iliyonse, ndipo m'nyumba za lendi zimapezeka kuti waya wagawidwa kale kangapo m'khoma inu osadziwa. Nyengo yozizira itafika matchanelo ena anayamba kuima ima, nditayang'ana pa tsamba la Prime symbol quality, muyezo wa ubwino wa siginolo, inali ikutsika pansi pa 100, ndinachotsa splitter yakale yogawa panayi nkuika yabwino yogawa pawiri, mbali ina modemu mbali ina tuner, nkumangitsa bwino mitu ya waya, zinatheratu. Lachiwiri ndi Wi-Fi. Tchanelo ya MPEG-2 ya HD imatha kupitirira 10 Mbps mosalekeza ndipo TV yamoyo siidikira ngati YouTube, ndiye kuchipinda chakutali inkajejema. Ndinakoka waya wa netiweki kufika pa TV ya pabalaza, za pa foni ndimalola seva, kompyuta yakale ija, ichepetse kaye chithunzi, purosesa ya Intel yokhala ndi Quick Sync imachita zimenezi osatuluka thukuta olo ndi yakale.

Malo osungira musawaderere. Gemu imodzi ya pa eriyo imandidyera ma GB oposa 10, a pa kebulo amene ali mu H.264 amachepako, koma mukayika kuti izijambula ligi yonse ndi makatuni a ana disiki imadzaza mwezi usanathe. Ndinaika hard disk yapayokha ya zojambula ndipo ndinauza pulogalamu kuti izifufuta yokha zakale. Pulogalamu ndikugwiritsa ntchito Plex, kujambula kumafuna Plex Pass yolipira koma ndandanda imabwera momwemo ndipo zida zonse ziwiri inaziona popanda kulimbana nazo. Amene simufuna kulipira Jellyfin ilipo yaulere, HDHomeRun imaiona mwachindunji, koma khadi la mkati limafuna kudutsira pa pulogalamu ina monga Tvheadend kapena NextPVR ndipo ndandanda muchita kuipezera panokha.

Wina anandifunsa ngati angagule khadi ngati langali nkutumiza kumudzi. Ayi achimwene, musataye ndalama. Ku Malawi TV ya digito ya pa eriyo ndi DVB-T2, khadi la ATSC silingagwire kalikonse kumeneko, ndipo DStv ndi ya setilaiti yokhala ndi makiyi akeake, CableCARD ilibe nayo ntchito. Chimodzimodzi a ku UK ndi ku South Africa, kumenekonso ndi ma DVB.

Nanga lero munthu agule? Apa ndiyankhule mosabisa. Mu 2020 FCC inachotsa lamulo lokakamiza makampani kuthandiza anthu a CableCARD, ndipo mu 2024 Comcast inalengeza kuti yasiya kupereka makhadi atsopano. Makampani akusamutsira matchanelo ku intaneti ndi ma app awo, kumene tuner ilibe chogwira. Makhadi a mkati olandira CableCARD monga Ceton InfiniTV 4 ya 2010 ija amapezeka akale okhaokha ndipo anapangidwira nthawi ya Windows Media Center, ine sindingalimbikitse munthu woyamba kumene kuti alowe kumeneko. Ngati kampani yanu ikuperekabe CableCARD, mwatsimikiza kuti matchanelo anu si a DRM, ndipo mwapeza Prime pa mtengo woti lendi ya bokosi ya miyezi yochepa ikubwezerani, gulani, ine sindinong'oneza bondo. Ngati chimodzi mwa zitatuzi chikukayikitsa, siyani, gulani khadi la eriyo lokha ndi eriyo yabwino, zotsalazo muziona pa app. Dziwaninso kuti kukubwera ATSC 3.0 imene makhadi a ATSC yakale saigwira ndipo masiteshoni ena akuikanso DRM kumeneko, koma pakadali pano akutumizabe ndi njira yakale limodzi, khadi langa likugwira matchanelo onse a m'dera lathu.

Ine CableCARD yanga sindiikhudza, sindiizula, phukusi sindisinthanso chisawawa, chifukwa ikangofa kapena kuchoka pa akaunti nkutheka kuti ina sadzandipatsa. Tsiku limenelo likadzafika kebulo ya TV ndidzaidula nditsale ndi intaneti yokha, Prime ndidzaichotsa pa shelefu, khadi la mkati ndi eriyo zidzapitiriza ntchito.