Kosi yaifupi kapena digiri, pothandiza ana ochitidwa nkhanza

Amayi ena kutchalitchi kwathu kuno ku Johannesburg anandifunsa kuti aphunzire chani kuti azithandiza ana ochitidwa nkhanza.

Kosi yaifupi ngati ya ku LifeLine, bungwe lopereka uphungu, ndiyotchipirako, mumaphunzira kumvetsera osamudula mwana mawu, osamupanikiza ndi mafunso, koma simukhala katswiri ayi. Mwana akamalota zoopsa, wayambanso kukodza pogona, mpititseni ku Teddy Bear Foundation, bungwe lothandiza ana ochitidwa nkhanza, kapena imbani 116 ya Childline, nambala yothandizira ana.

Digiri ya social work (ntchito yosamalira anthu omwe ali pamavuto) ku yunivesite ya Wits kapena ya Johannesburg (UJ) ndi zaka 4, fizi yake ndiyowawa, koma mukalembetsa ku SACSSP, bungwe loyang'anira ma social worker, mumatha kuyenda naye mwanayo mpaka kukhoti.

Ine ndinawauza kuti amayi yambani ndi yaifupiyo, mwana wakwathu amamasuka msanga akamva Chichewa ndipo olankhula naye ndife ochepa kuno.