Kaliwo wokwechedwa ndi mchenga kapena wogobedwa ndi manja?

Akaliwo awiri ali patebulo panga pano. Onse ndi okhakhala, onse ndi akuda, ndipo mlendo akawaona amati ndi amodzimodzi. Koma mukawagwira mutatsinzina, chala chokha chikuuzani kuti anapangidwa mosiyana. Woyamba ndi sandblast, wokwechedwa ndi mchenga, wachiwiri ndi rusticated, wogobedwa ndi manja, ndipo anzanga osuta kaliwo sitinagwirizanepo kuti wabwino ndi uti.

Onse amasemedwa ku mtengo umodzi, briar, umene akatswiri a zomera amautcha Erica arborea. Chimene amasema si thunthu ayi, koma chibuluma cholimba chimene chimatupa pakati pa mizu ndi tsinde, chokumbidwa kumaiko ozungulira nyanja ya Mediterranean monga Italy, Greece, Algeria ndi chilumba cha Corsica. Popeza chimakulira m'dothi, nthawi zambiri chimakhala ndi timaenje, timiyala ndi zipsera mkati. Wosema akapeza chidutswa chopanda banga, amachisalaza n'kuchigulitsa modula. Chikakhala ndi mabanga, m'pamene amaganiza zochikhakhalitsa.

Sandblast amapanga popopera mchenga, kapena timikanda tagalasi, ndi mphepo yamphamvu pa mutu wa kaliwo. Mnofu wofewa wa mtengo umadyeka, wolimba n'kutsala uli tolotolo. Choncho mizere imene mukuiona siinajambulidwe ndi munthu. Ndi zaka za mtengowo zimene zaonekera poyera. Kampani ya Dunhill ya ku London ndi imene inatchukitsa njirayi pamene inatulutsa akaliwo otchedwa Shell Briar mu 1917. Akaliwo akale a mtundu umenewu ankasemedwa ndi briar wa ku Algeria, amene ndi wofewerako, motero mchenga unkalowa mwakuya n'kusiya zigwa ndi timapiri. Ndi chifukwa chake osonkhanitsa amawasakasakabe mpaka lero.

Apa ndiye pamene mtima wanga uli, sindibisa. Mukapeza sandblast amene mizere yake yazungulira mutu wonse ngati mphete zosanjikizana, kuyambira pansi mpaka kukamwa, mumangomutembenuza m'manja osatopa. Pansi pake pamakhala timadontho tothithikana, pamene mitsempha ya mtengo inathera. Palibe awiri ofanana, ngakhale atachokera m'fakitale imodzi tsiku limodzi, chifukwa mchenga sungalembe chimene mtengo ulibe. Wosema ngati J.T. Cooke wa ku Vermont ku America anadziwika chifukwa chopopera mobwerezabwereza mpaka mizere itazama kwambiri, komabe ngakhale iye amatsata pamene mtengo wamulozera.

Rusticated ndi ntchito ya dzanja. Wosema amatenga chogobera, kaya misomali yomangidwa pamodzi, kaya kamakina kozungulira, n'kumakumba khungu la kaliwo mpaka litakhala mmene akufunira. Mizere ya mtengo ilibe nazo ntchito. Chimene mukugwira ndi nzeru za munthu, ndipo kukongola kwake kumatha pamene luso lake lathera. Carlo Scotti, amene anayambitsa kampani ya Castello ku Cantù m'dziko la Italy mu 1947, anasonyeza kutalika kumene njirayi ingafike ndi kaliwo wotchedwa Sea Rock, wokhakhala ngati mwala umene madzi akhala akuudya. Kampani ya Peterson ya ku Dublin ku Ireland ili ndi wake wotchedwa Donegal Rocky, ndipo ya Savinelli ya ku Italy nayo ili ndi akaliwo ambiri ogobedwa amene munthu wamba angawakwanitse.

Otsutsa amati kugoba ndi kubisa manyazi a mtengo. Zoona zilimo. Chidutswa chimene mizere yake ndi yosalongosoka, kapena chili ndi dzenje lalikulu, sichingaoneke bwino pa mchenga, ndiye chimapita kokagobedwa. N'chifukwa chake m'makampani ambiri wosalala ndiye wodula, sandblast pakati, rusticated wotsika mtengo. Koma banga la pakhungu silisintha kakomedwe ka fodya. Chimene chimakometsa utsi ndi kuuma bwino kwa mtengo ndi kuwongoka kwa kabowo kodutsa mpweya. Ine ndimakonda kuona banga litagobedwa n'kuchokeratu kusiyana n'kuliona litamatidwa ndi phala lofiira limene limadzaonekera pakapita zaka.

Nkhani yoti kaliwo wokhakhala sautentha utsi ndimaimva kawirikawiri. Chimene ndaona ine n'chakuti zala ndi zimene zimapumula, poti zimangokhudza pamwamba pa timapiri. Lilime limapsa chimodzimodzi mukamakoka mofulumira, makamaka ndi fodya wonyowa. Ndipo tisanamizane, palibe khungu la kaliwo limene limachotsa kuopsa kwa utsi m'thupi.

Pa kagwiridwe, onse awiri amaposa wosalala. Manja akachita thukuta m'mwezi wa Okutobala akaliwowa saterereka, akagwa pansi chipsera sichioneka, ndipo sasunga zidindo za zala. Kusiyana kuli pa kutsuka. Maenje a rusticated wozama amasunga fumbi, phulusa ndi phula, moti pamafunika kaburashi kofewa kawirikawiri. Ena amabaya m'manja akadali atsopano, kenaka amafewa ndi zaka. Sandblast amalola nsalu kudutsa mosavuta, koma nsonga za mizere yake zimayamba kuyera utoto ukamasuluka, zimene ine ndimaziona ngati kukongola kwa ukalamba.

Chimene chimandipweteka ndi sandblast wachiphamaso. Ndinagulapo wina pa intaneti nditakopeka ndi chithunzi, koma atafika ndinapeza kuti mchenga unangomunyambita pamwamba, mizere yosaoneka, khungu ngati la lalanje. Ndalama yomweyo ikanandigulira rusticated wogobedwa mwakuya ndi munthu wosamala. Kuyambira pamenepo, ndikamagula patali ndimapempha zithunzi za mbali zonse, ndi pansi pomwe, zojambulidwa kuwala kukuchokera cham'mbali kuti mithunzi ionetse kuzama.

Ndiye mukandifunsa, ndiyankha motere. Ngati ndi kaliwo woyenda naye m'thumba, wopita naye kumunda kapena paulendo, tengani rusticated wabwino, musachite naye manyazi. Wokhala naye pakhonde madzulo, nditapakira fodya wakuda wa ku Kendal ku England amene opanga ake amasakanizamo tsamba la ku Malawi, ndimatola sandblast wanga wa mphete uja, chala chachikulu n'kumayenda m'mizere yake mpaka moto utazima.