Miyezi 10 ndi kompyuta iyi: makina ndi olimba, koma mafoda anandisowetsa mtendere

Sabata ino mnzanga wa kuntchito wandifunsa ngati angakagule kompyuta kwa bambo amene anandigulitsa yanga. Ndinamuuza kuti andipatse tsiku limodzi, chifukwa yankho lake si "eya" kapena "ayi" chabe.

Kompyutayi ndi ya pa desiki, ndinaigula itagwirako kale ntchito: purosesa (ubongo wa kompyuta) ya Intel Core i5 ya m'badwo wa 6, RAM ya 8GB, SSD ya 256GB, ndipo ili ndi Windows 10. Imayaka msanga, fani yake simveka, ndipo sinandizimirepo ndili pakati pa ntchito. Pa zimenezi ndilibe chodandaula.

Vuto linayamba m'mwezi wachitatu. Ndinadina kawiri foda ya makalata a ntchito, koma m'malo moona mafayilo anga, panatseguka kapulogalamu koseweretsa nyimbo, n'kuyamba kufufuza nyimbo m'foda momwe munalibe ngakhale imodzi. Ndinayesa foda ina, chimodzimodzi. Mtima unagunda, chifukwa ndinkaganiza kuti ndi vayirasi ija ya pa fulashi imene imabisa mafoda enieni n'kusiya ma shortcut. Koma pa mafoda anga panalibe kamuvi kaja ka pakona kamene kamakhala pa ma shortcut, ndipo antivirus sinapeze kanthu. Ndikadina Windows ndi E pamodzi, File Explorer inkatseguka bwinobwino, ndipo ndikasankha foda pa mndandanda wa kumanzere zonse zinalimo. Kudina kawiri kokha n'kumene kunasokonekera.

Munthu amatsegula foda kangati pa tsiku? Simungadziwe mpaka zitakuvutani. Kwa milungu itatu ndinkachita kudina batani la kumanja la mausi n'kusankha Open, ndipo dzanja likaiwala, kapulogalamu kaja kankangotulukira. Tsiku lina bwana ataima kumbuyo kwanga akudikira kalata, kanatseguka katatu motsatizana. Ndinakwiya kwambiri moti madzulo ake ndinatsala pang'ono kuigulitsa.

Ndinawaimbira foni bambo aja, popeza kapulogalamuko anaika ndi iwo pamodzi ndi tina timene sindinapemphe. Anandiyankha mwaulemu ndithu: "Achimwene, ingobweretsani tiike Windows mwatsopano." Nditafunsa ngati zili m'kati mwa waranti, anati waranti yawo ndi ya zitsulo zokha, za mapulogalamu ndilipire padera. Apa m'pamene ndinakhumudwa nawo. Kufufuta zonse, kusamutsa mafayilo, kuikanso pulinta, kutaya tsiku lathunthu la ntchito, kenako ndilipirenso pa vuto limene linabwera ndi katundu wawo? Ndinakana.

Ndinayamba kufufuza ndekha. Ku Settings, pa Default apps, sindinapezeko chothandiza, chifukwa kumeneko amasankhirako pulogalamu ya zithunzi, nyimbo kapena mafayilo a .pdf, osati ya mafoda. Lamulo la sfc /scannow, lofufuza ngati pali mafayilo a Windows oonongeka, linanena kuti mafayilo a Windows ali bwino. Chimene chinanditsegula maso ndi akaunti ya mwana wanga pa kompyuta yomweyo: kwake mafoda ankatseguka popanda vuto. Nditayang'anitsitsa mndandanda wa batani la kumanja kwanga, ndinaona kuti mawu olembedwa mokhuthala sanali Open, linali dzina la kapulogalamu kaja. Mawu okhuthalawo ndi amene Windows imachita munthu akadina kawiri.

Zimenezi zimasungidwa mu Registry, nkhokwe imene Windows imasungamo ma settings ake. Ndinadina Windows ndi R, n'kulemba regedit, n'kupita pa HKEY_CLASSES_ROOT\Directory\shell. Ndisanakhudze chilichonse ndinasankha Export n'kusunga kope, chifukwa mu Registry mulibe batani lobwezera ukalakwitsa. Pa mzere wa (Default) payenera kukhala mawu akuti none, koma kwanga panali dzina la kapulogalamuko. Ndinamvetsanso chifukwa chake kwa mwana kunalibe vuto: zoikidwa mu HKEY_CURRENT_USER\Software\Classes ndi za akaunti imodzi yokha, ndipo zimaposa mphamvu zija zoikidwira kompyuta yonse. Pa (Default) paja ndinalembapo none, ndinatseka, ndinadina foda, mafayilo anga onse mbee! Ndinapuma mpweya wautali.

Chisangalalocho chinangokhala usiku umodzi. M'mawa nditayatsa, vuto linali litabwerera. Ndinakonzanso, mawa lake labwereranso. Tsiku lachitatu ndinatsegula Task Manager, pa Startup, n'kupeza kuti kapulogalamuko kamadzuka limodzi ndi Windows n'kudzilembanso pamalo paja. Ndinakachotseratu ku Apps, ndinabwezeretsa none komaliza, ndipo papita miyezi 6 osaonanso zimenezo. Ntchito yeniyeni sinakwane mphindi 10, ndipo sindinalipire kalikonse.

Nditawauza bambo aja, anangoti "Mwachita bwino, achimwene," basi. Ndinayembekezera kuti anena zosiya kuika kapulogalamuko m'makompyuta ena, koma sananene.

Palinso china chimene sanandiuze pogula. Microsoft inathetsa chithandizo chake cha nthawi zonse cha Windows 10 pa 14 October 2025, ndipo Windows 11 imafuna kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0, komanso purosesa ikakhala ya Intel, iyenera kukhala yoyambira m'badwo wa 8, kupatulapo zochepa chabe za m'badwo wa 7. Yangayi ndi ya 6, siyenerera. Ndikanadziwa, ndikanawonjezera ndalama pang'ono n'kutenga yatsopanoko, kapena ndikanapempha kuti anditsitsire mtengo.

Ndikamaona mmene ikugwirira ntchito lero, ndimati ndalama yanga sinapite pachabe. Ndikakumbukira foni ija ya waranti, mtima umabwereranso m'mbuyo. Mnzanga ndamuuza kuti akhoza kukagula, koma asatenge yochepera m'badwo wa 8, awauze kuti aike Windows yokhayokha popanda timapulogalamu tawo, ndipo alembe pa risiti kuti waranti ikukhudza chiyani asanatulutse ndalama m'thumba.