Accu-Chek Active: ndakhala nako chaka ndi miyezi iwiri, ndipo kandidanitsa ndi thobwa

Kachipangizo koyezera shuga aka anandibweretsera ndi achemwali anga amene amagwira ntchito ku Johannesburg, patapita miyezi itatu chindipezereni ndi matenda a shuga a mtundu wachiwiri. Poyamba shuga wanga ndinkamudziwa tsiku la kiliniki lokha. Masiku ena onsewo ndinkangomvetsera m'thupi, koma shuga akamakwera nthawi zambiri m'thupi mumakhala zii.

Kugwiritsa ntchito kwake n'kosavuta, ngakhale kwa ine amene foni ya WhatsApp amandikonzera ndi adzukulu. Mumalowetsa kasitiripi (kapepala koyezera magazi), kachipangizo n'kuyaka kokha, mumabaya chala, n'kudonthezera magazi pakati pa kasitiripiko. Pamasekondi 5 nambala yatuluka. Manambala ake ndi akuluakulu, ndimawawerenga osavala magalasi. Kamasunga zotsatira 500 ndiponso kamawerengera avereji ya masiku 7, 14, 30 ndi 90, choncho popita kuchipatala ndimangokanyamula limodzi ndi buku langa. Chobayira chake, Softclix, chimatheka kuchepetsa kuya kwa singano. Bayani m'mbali mwa chala, osati pansonga penipeni, ululu wake umangokhala ngati mwalumidwa ndi nyerere.

Tsiku loyamba ndinatsala pang'ono kukomoka ndi mantha. M'buku la kuchipatala anali atandilembera 168, koma kachipangizo kanaonetsa 9.1. Ndinati basi shuga wathera pansi, mpaka ndinayamba kusungunula shuga m'kapu. Anandilanditsa ndi namwino wina wa kutchalitchi kwathu, amene anandifotokozera kuti zogulidwa ku South Africa zimawerenga mu mmol/L pomwe kuchipatala kwathu amalemba mu mg/dL. Iyi ndi miyezo iwiri ya shuga: mukachulukitsa nambala ya mmol/L ndi 18 mumapeza ya mg/dL, ndiye 9.1 wangayo anali 164. Pogula funsani kuti kanu kamawerenga mu chiyani, chifukwa kanga kanabwera kotero ndipo sikasinthika.

Chimene ndikukayamikira kwambiri n'chakuti kandiphunzitsa kudya. Achipatala anandiuza kuti m'mawa ndisanadye ndizikhala pakati pa 4.4 ndi 7.2, ndipo pakatha maola awiri nditadya ndisapitirire 10. Ndinayamba kuyesa chakudya chimodzichimodzi. Mitanda itatu ya nsima ya ufa woyera inandifikitsa pa 13. Mtanda umodzi ndi theka wa mgaiwa, nyemba ndi bonongwe wodzadza mbale, ndinaima pa 8.6. Koma mgaiwa womwewo ndikaudya mitanda itatu, shuga amakwera ndithu, ndiye amene amati mgaiwa mungadye mmene mungafunire akukunamizani. Thobwa, amene ndinkamuona ngati wosalakwa chifukwa ndi wakumudzi, ndiye anandichititsa manyazi kuposa mandasi. Mango ndimadyabe, limodzi lokha, ndikatero ndimayenda mphindi 20, ndipo kusiyana kwake kumaoneka pa nambala.

Kanandithandizanso tsiku lina pamaliro. Ndinali nditamwa glibenclamide, mankhwala otsitsa shuga, m'mawa, chakudya n'kuchedwa mpaka 3 koloko. Thukuta, manja kunjenjemera, anthu n'kumati ndi chisoni. Nditayeza ndinapeza 3.4, pomwe pansi pa 3.9 ndiye kuti watsikitsa. Masupuni atatu a shuga m'madzi anandidzutsa. Chiyambire tsiku limenelo m'chikwama mwanga simusowa maswiti.

Tsopano nkhani ya ndalama. Kachipangizo mumagula kamodzi, batire yake ndi CR2032 yomwe imapezeka kwa okonza mawotchi, ndipo ine ndasintha kamodzi kokha. Chodya ndalama ndi masitiripi. Botolo limakhala ndi 50, kasitiripi kalikonse n'kogwiritsa ntchito kamodzi, ndipo chigwereni kwacha mu November 2023 zinthu zochokera kunja zonse zinakwera. Kuyeza katatu patsiku sindingakwanitse. Tinagwirizana ndi adokotala kuti popeza sindibaya insulin, ndiziyeza masiku atatu pa sabata mosinthasintha nthawi, komanso ndikamva zachilendo m'thupi. Botolo limodzi limandifikitsa miyezi iwiri ndi kanthu.

Pafamase ina m'tauni anandigulitsa botolo lotsala milungu itatu kuti lithe ntchito, osandiuza n'komwe. Werengani deti musanapereke ndalama. Lina ndinaliwononga ndekha, ndinalisiya pawindo mu October losatseka bwino, pomwe masitiripi safuna chinyezi kapena kutentha kopitirira madigiri 30. Sambaninso m'manja ndi kupukuta musanabaye. Ndinayezapo nditangosenda nthochi, kanandipatsa 15, nditasamba kanati 7.8.

Ndikukapatsa nyenyezi 4 mwa 5, yotsalayo yadyedwa ndi thumba langa lomwe. Achemwali akubwera pa Khrisimasi, ndawauza kale kuti nsapato asandigulire, abwere ndi mabotolo awiri.